Tanthauzo ndi Kamasuliridwe ka Mawu oti "Conservation" m'Chigwa cha Luangwa

1.0 Mawu Oyamba

Munthu amene wafika ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, kuchigawo cha Kummawa kwa Zambia, sachedwa kukumana ndi mawu a Chingerezi oti "conservation". Amawaona pa zikwangwani za m'mphepete mwa msewu, pa zitseko za galimoto, ndiponso m'mayina a mabungwe monga Conservation South Luangwa ndi Community Markets for Conservation. Ana amawamva kusukulu, akuluakulu amawamva pa misonkhano ya kwa mfumu. Komatu misonkhano yotere siyendetsedwa m'Chingerezi. Eni dera ndi Akunda a mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Pakhomo amalankhula Chikunda, ndipo kusukulu ndi pa wailesi amakumana ndi Chinyanja, chomwe ku Malawi chimatchedwa Chichewa. Choncho mlendo akatchula mawu aja pamsonkhano, pamaimirira womasulira amene ayenera kupeza mawu ena m'kanthawi kochepa.

Pepala lino likuunika mawu amene womasulirayo amasankha. Mfundo yathu ndi yakuti dzina la Chingerezili limatha kunenedwa popanda kutchula wochita ntchitoyo, mwini chinthucho, kapena amene adzapindule nacho, pamene aneni a Chinyanja omwe timamasulira nawo salola kuti zinthu zimenezi zibisike nthawi yaitali. Tiyamba ndi gwero la mawuwa, kenaka mbiri yake m'chigwa cha Luangwa, ndipo pambuyo pake tisanthula aneni atatu: kusunga, kuteteza ndi kusamala.

2.0 Gwero ndi Tanthauzo m'Chingerezi

Mawu oti "conservation" anachokera ku mneni wa Chilatini "conservare", amene tsinde lake, "servare", limanena za kusunga kapena kuyang'anira. Pambali pake pali mawu ena a tsinde lomwelo, oti "preservation". Aphunzitsi ambiri amaphunzitsa mawu awiriwa ngati ofanana, koma eni chinenerocho anakangana nawo kwa zaka zambiri. Ku America, Gifford Pinchot, amene anakhala mkulu woyamba wa nthambi ya boma yoona za nkhalango m'chaka cha 1905, ankaphunzitsa kuti nkhalango ndi madzi ziyenera kugwiritsidwa ntchito mwanzeru kuti zipindulire anthu ambiri kwa nthawi yaitali. John Muir, amene anayambitsa bungwe la Sierra Club mu 1892, ankafuna kuti malo ena asiyidwe osakhudzidwa konse. Awiriwa anasemphana poyera pa nkhani yomanga damu m'chigwa cha Hetch Hetchy, lomwe boma linaloleza mu 1913. Maganizo a Pinchot ndiwo ankatchedwa "conservation", a Muir "preservation".

Mu 1980 mabungwe a IUCN, UNEP ndi WWF anatulutsa chikalata chotchedwa World Conservation Strategy, chomwe chinatanthauzira mawuwa monga kayendetsedwe ka momwe anthu amagwiritsira ntchito zamoyo, kuti a lero apindule popanda kumana a mawa. Dziko la Zambia linavomereza chikalata chakechake cha mtundu umenewu mu 1985. Tikuona tsono kuti, mwa tanthauzo lake la m'mabuku, mawuwa saletsa kudya. Amalola kudya mosiyako.

Chofunika china ndi maonekedwe a mawuwo. "Conservation" ndi dzina la chinthu chosakhudzika lopangidwa kuchokera ku mneni. Mneni akasanduka dzina lotere m'Chingerezi, mwininkhani ndi pamtherankhani amatha kugwa osasiya chizindikiro. Munthu atha kulankhula ola lathunthu za ubwino wa "conservation" osanenapo kuti akusunga ndani, akusunga chiyani, ndipo akusungira yani.

3.0 Mbiri ya Mawuwa m'Chigwa cha Luangwa

Kuti timvetse zomwe Mkunda amamva mawuwa akatchulidwa, tiyenera kuona zomwe zachitika m'dera lake m'dzina la mawu omwewa.

M'chigwachi muli ntchentche za kashembe, ndipo chifukwa cha zimenezi anthu sankaweta ng'ombe monga anzawo a kumtunda, cha ku Chipata. Ndiwo zankhuli zinkachokera kuthengo ndi mumtsinje. Mu 1938 boma la atsamunda linapatula dera lalikulu kukhala malo osungirako nyama. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti gawo la dziko la mfumuyo lipatulidwe, alendo azidzaona nyama, ndipo ndalama zake zizipita ku thumba la ulamuliro wa mafumu a Chikunda. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri anaona kuti nyama zachulukitsa ndipo zikuwononga mitengo, choncho boma linapha njovu, mvuu ndi njati zambiri pofuna kuchepetsa chiwerengero chake. Mu 1972 dera lija linakhala South Luangwa National Park, lalikulu masikweya kilomita 9,050, ndipo midzi ya Akunda inapezeka m'dera loyandikana nalo la Lupande, momwe anthu amaloledwa kukhala ndi kulima koma kusaka kumafuna chilolezo.

Kalembera wa pa ndege wa mu 1973 anayerekeza kuti m'chigwa chonse munali njovu pafupifupi 86,000. Zaka zotsatira, malonda a minyanga anapulula njovu zambirimbiri, ndipo zipembere zakuda zinatheratu, mpaka mu 1998 zinalengezedwa kuti zatha m'dziko lonse la Zambia. Poona kuti mfuti za alonda zokha sizikukwanira, boma linayambitsa mu 1986 ntchito ya Luangwa Integrated Resource Development Project ndi chithandizo cha dziko la Norway. Kuyambira mu 1996 ntchitoyi inakonza kuti magawo 80 mwa 100 alionse a ndalama za usaki wa alendo m'Lupande azipita kwa anthu m'midzi, iwo okha nasankha chochita nazo. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa bungwe la ZAWA ndi makomiti a anthu otchedwa Community Resources Boards, ndipo lamulo la 2015 linathetsa ZAWA n'kubwezera ntchito zake ku nthambi ya boma.

Taonani tsono kuchuluka kwa zinthu zomwe zavala dzina limodzi. Kuletsa munthu wa m'mudzi kupha mbawala, kupha njovu mazanamazana ndi mfuti za boma, kugulitsa chilolezo chophera njati kwa mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, kumanga munthu wopezeka ndi msampha, kugawa ndalama pabwalo la mudzi: zonsezi m'Chingerezi ndi "conservation". Palibe mneni mmodzi wa Chinyanja amene angasenze katundu yenseyu.

4.0 Aneni Atatu

4.1 Kusunga

Mneniyu ndiye ali pafupi kwambiri ndi tsinde la Chilatini lija, ndipo ndiye amabwera msanga pakamwa pa womasulira. Taonani ziganizo izi:

(1) Amayi asunga mbewu ya mapira m'chikwatu.
(2) Malume akusunga mbuzi za mphwawo.
(3) Tiyeni tisunge njovu.

M'chiganizo (1) ndi (2) muli zinthu ziwiri zomwe wakumva aliyense amazidziwa ngakhale sizinatchulidwe. Choyamba, chinthu chosungidwacho chili ndi mwini wake. Chachiwiri, pali tsiku lomwe chidzatulutsidwe: mbewu idzafesedwa mvula ikagwa, mbuzi zidzabwerera kwa mwini wake. Mwambi woti "sunga khosi, mkanda uoneke" umanenanso chimodzimodzi, kuti wosunga amayembekezera kanthu. Choncho wakumva chiganizo (3) amafunsa mwachibadwa kuti njovuzo n'za yani, ndipo tsiku lake ndi liti.

Galamala ya chinenero chathu imamupatsa zida zofunsira. Msintho womchitira, wokhala ndi mphatikiri -ir-, umafuna kuti wopindula atchulidwe:

(4) Tikusungira zidzukulu zathu njovu.
(5) Tikusungira alendo njovu.
(6) Tikusungira boma njovu.

Ziganizo zitatuzi zikhoza kumasuliridwa ndi dzina limodzi lija la Chingerezi, koma kwa Mkunda ndi nkhani zitatu zosiyana kwambiri. Pa misonkhano chiganizo (4) ndicho chimakondedwa. Koma malamulo a 1998 ndi 2015 amaika umwini wa nyama zonse zakuthengo m'manja mwa Pulezidenti, m'malo mwa dziko lonse. Mwa lamulo, chiganizo choona ndi (6). Womasulira akanena kuti "nyama zanu", amakhala atalonjeza chinthu chimene lamulo silinapereke.

Msintho wochititsa umaulula zambiri:

(7) Boma latisungitsa njovu.

Chiganizochi chili ndi matanthauzo awiri. Loyamba n'lakuti boma latikakamiza kusunga. Lachiwiri n'lakuti boma latisiyira katundu wake kuti timusungire, monga munthu amasungitsa mbuzi kwa mnansi. Tanthauzo lachiwirili limadza ndi mwambo wake. Wosungitsa ziweto amathokoza wosunga, kawirikawiri ndi mwana wa chiwetocho, ndipo ziweto zikadya mmera wa munthu, mlandu umafika kwa mwini wake. Malamulo awiri aja sanakhazikitse chipukutamisozi kwa mlimi amene munda wake wadyedwa ndi njovu. Mlimi wa kwa Kakumbi akamadandaula za nkhaniyi, sikuti walephera kumvetsa chiphunzitso cha alendo. Wamvetsa bwino mneni amene anamupatsa, ndipo akutsata tanthauzo lake mpaka kumapeto.

Tisaiwalenso kuti mphatikiri yemweyu -ir- ndiye timapeza m'mawu oti "kusungira munthu chakukhosi". Chosungidwa sichikhala chabwino nthawi zonse.

4.2 Kuteteza

Mneni wachiwiriyu amapezeka kwambiri m'zolembalemba za mabungwe ndi m'nkhani za pa wailesi, m'mawu monga "kuteteza nyama zakuthengo" ndi "kuteteza zachilengedwe". Kusiyana kwake ndi kusunga n'kwakuti kuteteza kumafuna mdani. Palibe amateteza chinthu popanda choopsa chimene chikubwera.

(8) Alonda amateteza njovu kwa anthu.
(9) Anthu amateteza minda ku njovu.

Ziganizo ziwiri zonsezi n'zoona m'boma la Mambwe, ndipo zimachitika usiku umodzi. Pamene alonda akuyenda m'thengo kuchotsa misampha ya waya, alimi ali pa nsanja m'minda, akuimba zitini, kusonkha moto ndi kufukiza tsabola kuti njovu zisalowe m'chimanga. Mneni ndi mmodzi, koma mdani wa m'chiganizo (8) ndiye mwininkhani wa chiganizo (9). Womasulira akasankha kuteteza pamaso pa anthu a m'mudzi, osanena kuti nyamazo akuziteteza kwa yani, omvera amadzaza okha mpatawo, ndipo amadziona kuti adaniwo ndi iwo.

Tionenso kuti kuteteza kuli pafupi ndi maganizo a Muir kusiyana ndi a Pinchot. Mulibe lingaliro lakuti chotetezedwacho chidzagwiritsidwa ntchito. Motero mawu amene m'Chingerezi amalola kudya mosiyako amafika m'makutu a anthu ngati lamulo loletsa. Pamenepa kumasulira kwasintha chiphunzitso.

4.3 Kusamala

Mneni wachitatu ndi wa pakhomo. Timasamala mwana, wodwala, munda, chitsime. Wosamala amakhala pafupi ndi chinthucho tsiku ndi tsiku, amachidziwa, ndipo saletsedwa kupindula nacho: wosamala chitsime amamwa madzi ake. Mwa aneni atatuwa, ameneyu ndiye akuyandikira tanthauzo la chikalata cha 1980 chija. Koma nayenso ali ndi mbali yake ina:

(10) Samalani njovu.
(11) Samalani ndi njovu.

Kamawu kamodzi, "ndi", katembenuza langizo kukhala chenjezo. Chiganizo (10) chimachokera kwa mlendo wa pamsonkhano. Chiganizo (11) chimachokera kwa kholo limene mwana wake akupita kusukulu m'mamawa, m'nyengo ya mango, pamene njovu zimawoloka mtsinje kudzadya zipatso m'midzi. Anthu a m'chigwa amakhala pakati pa ziganizo ziwirizi, ndipo chiphunzitso chimene chimadziwa (10) chokha, osavomereza (11), sichikhulupirika kwa iwo.

5.0 Pamtherankhani: Chilengedwe, Nyama ndi Chilombo

Vuto silithera pa mneni. Popeza aneni atatu onsewa ndi oyambukira, womasulira ayenera kutchulanso chinthu chosungidwacho, ndipo apa pali mawu awiri.

Oyamba ndi "chilengedwe". Dzinali lapangidwa kuchokera ku mneni "kulenga" mu msintho wochitidwa, choncho limaloza kwa Mlengi, ndipo limaphatikiza zonse zolengedwa, munthu yemwe. Mawu a Chingerezi oti "nature" kawirikawiri amanena za malo amene munthu kulibe. Tikati "kusamala chilengedwe", mwa galamala yathu munthu ali m'kati mwa zosamalidwazo. Uwu ndi mwayi umene omasulira sanaugwiritse ntchito mokwanira.

Achiwiri ndi "nyama". Monga m'zinenero zambiri za Chibantu, dzinali limaimira chamoyo choyenda m'thengo komanso ndiwo ya m'mbale. "Kusunga nyama" kungathe kutanthauza ntchito ya mlonda, kungathenso kutanthauza kuwamba nyama pamoto kuti isawole. Brian Morris, m'buku lake la 1998 lotchedwa The Power of Animals, anaonetsa kuti kwa anthu a ku Malawi dzina loti nyama limaima moyang'anizana ndi loti chilombo: china n'chodyedwa ndi chothandiza, china n'choopsa ndi chowononga. Njovu imagwa mbali zonse ziwiri malinga ndi pamene yaima. Ili kutsidya kwa Luangwa ndi nyama, ikalowa m'munda ndi chilombo. Mawu oti "wildlife" sadziwa malire amenewa.

Pali dzina linanso limene linabwera pamodzi ndi "conservation" ngati mthunzi wake, ndilo "poacher". Chinenero chathu chinali ndi mlenje ndi chiwinda, mayina aulemu a munthu wodyetsa mudzi, amenenso anali ndi malamulo ake: akapha njovu, mnyanga wogwera pansi unkapita kwa mfumu, mwini dziko. Chinalibe dzina la munthu amene kusaka kwake kwenikweniko ndi mlandu. N'chifukwa chake zolembalemba zimazungulira ndi mawu oti "opha nyama popanda chilolezo", pamene pakamwa pa anthu pamamveka mawu obwerekera oti pocha ndi kupocha. Ku England komwe mawuwa anachokera, anakula pamodzi ndi malamulo opatsa eni malo okha ufulu wosaka, monga lamulo la 1723 lotchedwa Black Act, lomwe linkapereka chilango cha imfa kwa wopezeka ndi zida atadzibisa nkhope m'nkhalango za agwape. Dzina limodzili limaika m'thumba limodzi gulu la zigawenga za minyanga ndi bambo wotchera kalulu kuseri kwa munda. Chinenero chathu chingathe kuwasiyanitsa, ndipo chiyenera kutero.

6.0 Phunziro kwa Omasulira ndi Aphunzitsi

Ena anganene kuti njira yapafupi ndiyo kungobwereka mawuwo, monga tinabwerekera sukulu ndi demokalase. Sititsutsa kubwereka mawu. Koma pa nkhani iyi kubwereka kungatitayitse chinthu chamtengo wapatali, chifukwa tingatenge dzinalo pamodzi ndi chizolowezi chake chobisa wochita ndi wopindula.

Chitsanzo chabwino chili pa ulimi. Mawu oti "conservation farming", omwe anafala m'Zambia kuyambira m'zaka za m'ma 1990, sanamasuliridwe liwu ndi liwu. Ku Malawi anati ulimi wa mleranthaka, kutenga mneni "kulera", amene amanena za kholo ndi mwana: wolera amavutika lero, nadzathandizidwa mawa. Kuchigawo cha Kummawa kwa Zambia alimi anati gamphani, kutchula ntchito yeniyeniyo yokumba maenje obzalamo. Mayina onse awiri anagwira chifukwa amanena chimene munthu achite ndi manja ake. Bungwe la COMACO, lomwe Dale Lewis anayambitsa mu 2003, linatsata njira yofanana m'zochita: osaka amapereka mfuti ndi misampha, naphunzira ulimi, ndipo bungwelo limagula mpunga, mtedza ndi uchi wawo. Munthu atha kutsutsa kapena kuyamikira ntchitoyi, koma pangano lake limanenedwa m'ziganizo zokhala ndi mwininkhani ndi pamtherankhani.

Choncho tikupereka maganizo atatu. Poyamba, olemba mabuku otanthauzira mawu asalembe kuti "conservation" ndi kusunga n'kulekera pomwepo. Apereke aneni onse atatu, aliyense ndi chiganizo chake, ndi kusiyanitsa mawuwa ndi "preservation". Kachiwiri, mphunzitsi wa Chinyanja pophunzitsa misintho ya aneni angathe kugwiritsa ntchito ziganizo zonga (3) mpaka (7), kuti ophunzira aone kuti mphatikiri mmodzi amasintha mwini katundu. Kachitatu, womasulira pamsonkhano akhale ndi ufulu wofunsa wolankhulayo kuti akunena za kusunga kotani asanamasulire. Kutero kumateteza wolankhulayo kuti asalonjeze zomwe sanafune kulonjeza.

7.0 Mawu Omaliza

Pepala lino silikunena kuti ntchito yosamala nyama m'chigwa cha Luangwa n'njosafunika. Kutha kwa zipembere ndi umboni wokwanira wa zomwe zimachitika nyama zikasowa wozisamala, ndipo mabanja ambiri a ku Mfuwe amadya chifukwa cha alendo odzaona nyama. Chomwe taonetsa n'chakuti mawu oti "conservation" akalowa m'Chinyanja amagawika patatu, ndipo gawo lililonse limabwera ndi funso lake. Kusunga kumafunsa mwini ndi tsiku, kuteteza kumafunsa mdani, kusamala kumafunsa amene ali pafupi ndi chinthucho. Kawirikawiri kugawika kotere kumawerengedwa ngati umphawi wa chinenero, ngati kuti Chinyanja chikusowa liwu. Ife taona kuti mafunso amene aneniwa amadzutsa ndi omwewo amene malamulo a 1998 ndi 2015, ndi ntchito zonse za m'Lupande kuyambira 1986, akhala akulimbana nawo. Ntchito yotsala kwa akatswiri a zinenero ndiyo kufufuza aneni a Chikunda chenicheni pa nkhani yomweyi, pakuti ndicho chinenero chimene anthu amakambirana akabwerera kunyumba msonkhano utatha.